A Sizasi Ameta Kanjedza

Amuna anga ndi ometa tsitsi, ndipo kwa iwo kumeta si ntchito chabe, ndi matenda. Anthu a mumsewu wathu anaiwala kalekale dzina lawo lenileni, amangoti a Sizasi, eniake n'kumavomera mokondwa. Munthu ameneyu sangaone chinthu chotalika mbali imodzi n'kungodutsa. Tikakwera basi, maso awo amakhala pankhongo za anthu a kutsogolo, zala zikudumphadumpha pabondo. Tsiku lina tili pamzere kuchipatala anadula ulusi umene unkalendewera pajekete ya bambo wina wosamudziwa, mwini jekete osamva kanthu. Ndakhala nawo zaka makumi atatu ndi zinayi, ndimawakonda, koma nsalu za patebulo kwathu ndimasoka zopanda mphonje.

Timagwira ntchito m'chipinda chimodzi chachitali, ndipo nyumba yogona ili kuseri kwake. Kutsogolo kuli mpando wawo wometera, uja umakwera ndi kutsika ukaponda kachitsulo, galasi lalikulu lodzaza khoma, ndi benchi ya odikira. Kuseri kwa katani kuli ine ndi makina anga osokera. Pakona ya kuzenera, pamwamba pa kabati yaifupi yosungiramo mathaulo, pankakhala kanjedza mumphika wa simenti.

Mwini wake wa kanjedzayo ndi mzime wathu, mwana wamkazi. Ali ndi zaka khumi ndi ziwiri anatola kanjere panjira ya kusukulu n'kukakwirira m'chitini cha penti. Tinamuseka miyezi itatu akuthirira dothi lopanda kanthu, mpaka tsiku lina panatuluka katsamba kamodzi konga udzu. Mwanayo anakula, kanjedza anakulanso, kuchoka m'chitini kupita mundowa, kuchoka mundowa kupita mumphika. Bambo ake anayamba kumutcha a Nesi akadali wamng'ono, chifukwa ankamanga mabandeji amphaka a eni ake, ndipo dzinalo linamutsatira mpaka anakhaladi nesi. Atapeza ntchito kutali, ulendo wa ndege ziwiri, anaima pakhomo pa shopu chikwama chili m'manja n'kuwaloza bambo akewo ndi chala.

"Ababa, metani dziko lonse, koma uyu musamukhudze. Lonjezani."

"Ndalonjeza, a Nesi."

"Ikani kaye sizasiyo pansi, ndiye mulonjeze bwino."

Anaika pansi n'kulonjezanso. Ndinene zoona, zaka zisanu ndi chimodzi analisunga lonjezolo, ngakhale kuti zinkawavuta ngati munthu wosiya fodya. Nthambi ikauma ndinkachotsa ndine, iwo atayang'ana kukhoma n'kumaimba mluzu. Nthawi zina ndinkawapeza akupesa masamba ndi zala, koma sizasi inkakhala m'thumba. Lamlungu lililonse masana mwanayo ankaimba foni yoonana nkhope ija, kutipatsa moni wachangu ngati wa pamsewu, kenako n'kuti, "Ndionetseni mwana wanga." Bambo ankanyamula foni kuzungulira mphika monyadira, ngati akuonetsa mdzukulu woyamba.

Lamlungu lina anatiuza kuti wapatsidwa tchuthi, afika pakatha milungu isanu. Ine ndinalira, bambo anavina ndi tsache. Chimwemwe chomwecho ndi chimene chinatibweretsera mavuto, pakuti m'mawa mwake bambo anayamba kuyang'ana chilichonse ndi maso a mlendo. Anapukuta galasi kawiri, anamatula chithunzi cha masitayilo a tsitsi chimene chinasuluka kalekale, kenako anakaima kutsogolo kwa kanjedza manja ali m'chiuno. Nthambi imodzi ya m'munsi inali itauma, ndipo nsonga ya pakati, ija imatuluka yosongoka isanatambasuke kukhala tsamba, inali itagunda siling'i n'kuyamba kupindika.

"Mwana adzapeza mtengo wake uli nyankhalala chonchi?" anafunsa.

"Youmayo ndichotsa ndikabwerako," ndinatero ndikutenga chikwama kuti ndikagule mazipi ndi ulusi. "Inu musayandikire."

Ndinachoka maola awiri okha. Lolemba m'mawa anthu sakonda kumetetsa, choncho m'shopu munatsala atatu: bambo, kanjedza ndi sizasi.

Pobwera ndinayamba kuponda masamba pakhomo penipeni. Pansi ponse panali biriwiri. Bambo anali atakwera pa kampando, chipeso chili kukhutu, ndipo mphika anali atauveka nsalu ija amaveka anthu m'khosi powameta. Kanjedza amene ndinamusiya ndi nthambi khumi ndi zinayi anali atatsala ndi zitatu. Ndikuona ndi maso angawa, sizasi inatseka pansonga ya pakati, kachidutswa kotalika ngati chikhatho n'kudzagwera pamapazi panga.

Sindinakuwe. Ndinangoika mazipi pabenchi n'kukhala pansi.

"Ndinangofuna kuchotsa youma ija," anatero ali pamwamba pomwepo, mawu atachepa. "Nditachotsa ndinayang'ana pagalasi, ndiye kumanja kunalemera. Ndinachotsa imodzi kumanja. Kenako kumanzere kunaoneka kotalika."

"Ndiye munachotsa kumanzere."

"Munthu sangatuluke muno mutu utalemera mbali imodzi, mayi. Inunso mukudziwa."

"Ameneyu amatuluka kupita kuti?"

Anatsika pang'onopang'ono n'kukaima pakhomo kuti aone ntchito ya manja awo chapatali, ndipo ndinaona nkhope yawo ikugwa. Komabe wometa ndi wometa. Anakhosomola n'kunena mawu amene akhala akutonthozera nawo anthu zaka zonsezi makina akalowa kwambiri: "Zimameranso. Ukameta ndiye zimabwera zambiri."

Mawu amene ankabwera kukamwa kwanga sanali oti n'kulemba pano, ndipo mwayi wawo unali wakuti nthawi yomweyo a Maluwa analowa. Iwowa ndi mkulu amene wakhala akusamala maluwa ndi kapinga pahotela ina yaikulu kuyambira ali mnyamata, ndipo amabwera kamodzi pamwezi kudzametetsa mpala. Sapupuluma pa chilichonse. Anapereka moni, anadumpha masamba aja ngati sakuwaona, n'kukhala pampando. Bambo, pofuna pothawira, anawaveka nsalu ina msangamsanga n'kuyatsa makina. Mutu utayera mbali imodzi m'pamene a Maluwa anakweza maso pagalasi n'kuyang'anitsitsa pakona.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndamukonza pang'ono," anatero bambo.

"Mwamukonza. Tazimitsani kaye makinawo."

Anadzuka ndi nsalu yawo m'khosi, mutu theka mpala theka imvi, n'kupita pakona paja. Anagwiragwira zitsa za nthambi, kenako anatola nthambi imodzi yobiriwira pansi n'kuigwedeza pamaso pa bambo.

"Achimwene, iyi ndi mbale yake yodyera. Kanjedza amadya ndi masamba obiriwira. Ngakhale lachikasu sitidula, chifukwa amakhala akuyamwamo chakudya chotsala kubwezera m'thupi. Timadikira liume gwa mpaka kuphesi, ndiye timadula, osatinso mokanda thunthu. Nthawi yodulira kanjedza sitiyang'ana pakalendala, amakuuza yekha. Inu mwamulanda mbale khumi tsiku limodzi."

"Koma zimera zina," anatero bambo, mawu alibenso mphamvu.

"Zimera kuchokera pati? Mtengo wa mango ukaudula mutu umaphuka m'mbali. Uyu ali ndi mtima umodzi basi, uli m'katimu, pansi pa nsongayi. Tsamba lililonse limachokera pamenepo. Mukavulaza pamenepo mwatsala ndi mphika."

Bambo anagwira mpando. "Ndiye ndamupha?"

A Maluwa anakwera pa kampando kaja, anavala magalasi, n'kusuzumira pakati pa nthambi zitatu zija nthawi yaitali. Ine mtima unali m'mwamba, ndikuganiza za mwana akuthirira chitini chake m'mawa uliwonse asanapite kusukulu.

"Mwadula pamwamba, mtima simunaufike," anatero potsiriza. "Ndipo chimodzi ndikuyamikeni, sizasi yanu ndi yakuthwa ndi yoyera, mabalawa sawola."

"Ndimaipukuta ndi sipiriti munthu aliyense akadzuka," anatero bambo, mapewa akukwera pang'ono.

"Musanyade. Wadzidzimuka, ndipo chakudya chamuchepera. Kaya alimba kaya afooka, sindingalumbire. Nanga nsongayi munaidulira chiyani?"

"Inagunda siling'i. Inalibe kolowera."

A Maluwa anayang'ana siling'i, anayang'ana mphika, anayang'ana kabati imene mphikawo unakhalapo. Kenako anatembenukira kumpando wometera.

"Achimwene, pakabwera munthu wamtali kudzametetsa, mumatani?"

"Ndimatsitsa mpando."

Kabati ija ndi yofika m'chiuno. Zaka zonsezi kanjedza anakhala pamwamba pake chifukwa m'pamene mwana anaika chitini chake cha penti, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe, ngakhale ine wodzitcha wanzerune, amene anaganizapo zomutsitsa. Ndinayamba kuseka mkwiyo ukadali pakhosi, misozi ili mbwembwembwe, a Maluwa nawonso anaseka mpaka nsalu inamasuka m'khosi. Tinagwirana atatu, kukoka ndi kubuula, mpaka mphika unakhala pansi. Pamwamba pa kanjedza panatsala malo oti angakule zaka zina zisanu. Mlendo amadzadi ndi kalumo kakuthwa, ngakhale m'nyumba ya wometa.

Mutu wawo utamalizidwa, a Maluwa anapempha choko changa cholembera nsalu. Analemba kamzere kopingasa patsinde pa nsonga ija, n'kukapitiriza paphesi la nthambi yoyandikana nayo.

"Mzere uwu ukaduka pakati, wa pansonga n'kukwera kusiya unzake, ndiye kuti ali moyo. Ukangokhala umodzi mpaka kalekale, konzekani maliro. Madzi musawonjezere, feteleza musathire, ndipo inu achimwene manja m'thumba."

Vuto linali Lamlungu. Ine ndinati timuuze mwana zoona, madzi akatayika saoleka. Bambo anayamba ndi nzeru yokagula kanjedza wina wofanana naye kwa ogulitsa mbande, timuike mumphika womwewo. Ndinawafunsa ngati mwana wa eni ake amasanduka wako chifukwa wamuveka malaya a mwana wako, ndipo nzeru imeneyo inafera pomwepo. Ndiye anandigwira dzanja ndi manja awiri.

"Mayi, mwana uja chichokereni sanandipemphepo kanthu. Chinthu chimodzi chokha, ndipo ndalephera. Ndipatseni nthawi, mwina adzuka."

Nditawayang'ana m'maso ukali wanga unasungunuka, ndipo m'malo mowaletsa ndinalowa nawo m'bodza mpaka m'khosi. Ndine amene ndinatola nthambi zodulidwa zija n'kuziviika m'beseni kuseri kwa katani. Ndine amene Lamlungu m'mawa ndinazimangirira pazitsa zake ndi ulusi wobiriwira, ntchito yosalala yoti kasitomala sangadandaule. Choncho pamene ndikuwanena amuna angawa, dziwani kuti telala nayenso ali ndi matenda ake. Amakhulupirira kuti chilichonse chong'ambika chimasokeka.

Foni italira, bambo anaima chapatali n'kumaiyendetsa mofulumira ngati akuingitsa ntchentche.

"Mwamutsitsa pansi?" anafunsa mwanayo.

"Eya, kuti azipuma bwino."

"Akuoneka wonenepa. Mwamusamala, ababa, zikomo."

Bambo anatseka foni msangamsanga. Tsiku limenelo chakudya anangochigwiragwira n'kukankhira mbale kwa ine.

Lamlungu lachiwiri nthambi zija zinali zitayamba kutuwa ndi kulendewera. Kucheza kuli mkati, imodzi inapulumuka ulusi n'kuyamba kutsetsereka. Bambo anandiponyera foni, anabwerera chafutambuyo, anaigwira ndi dzanja kumsana, n'kuima njo ngati mlonda wa pachipata. Anaima choncho mphindi makumi awiri, mwana akusimba za anzake a kuntchito, za kuzizira kwa kumeneko, za nsapato zimene wandigulira, ndipo nkhani ikafuna kutha ankayambanso ina. Malaya a bambo ananyowa kumsana konse. Lamlungu lachitatu tinangoti kamera ya foni yafa, nthambi zija tinali titataya.

Nthawi yonseyi, m'mawa uliwonse asanatsekule chitseko, bambo ankavala magalasi n'kukasuzumira pachoko paja. Milungu iwiri yathunthu mzere unali umodzi. Anthu odzametetsa anaidziwa nkhani, pakuti m'shopu yometera mulibe chinsinsi, ndipo aliyense ankabwera ndi mankhwala ake. Wina anati tithire masamba a tiyi, wina makoko a mazira, woyendetsa takisi wina analumbira kuti kanjedza wa apongozi ake anadzuka atamuthirira mowa. Bambo ankangoyankha kuti, "A Maluwa anati manja m'thumba," ndipo ankawaikadi m'thumba akamadutsa pakonapo. Anachepa nthabwala masiku amenewo, ndipo ine zinkandimvetsa chisoni, chifukwa shopu yathu popanda phokoso lawo ndi chipinda chabe.

Lachitatu la mlungu wachitatu, ndili pamakina, ndinamva bambo akundiitana.

"Mayi, tabwerani ndi tepi."

Mzere unali utaduka. Wa pansonga unali pamwamba pa unzake, ndipo nditayeza ndinapeza theka la sentimita. Bambo anandinyamula, ine ndi thupi langali, n'kundizungulitsa pakati pa shopu mpaka msana unawakumbutsa zaka zawo. Tsiku limenelo anameta akuimba, ndipo aliyense wolowa ankayamba wakaona choko asanakhale pampando. Ngakhale amene anangobwera kudzatenga thalauza kwa ine ankakokeredwa pakona kuti akachitire umboni. A Maluwa atamva anadzera poweruka, anagwira nsongayo ndi zala ziwiri n'kuikoka pang'ono. Inali yolimba.

"Mtengo wakukhululukirani," anatero. "Za mwini wake sindikudziwa."

Nsonga inkakwera tsiku ndi tsiku, ndipo kutatsala masiku atatu kuti mwana afike inayamba kutambasuka. Apa m'pamene tinaona chimene sitinachiganizire. Tsamba la kanjedza limathera kosongoka, koma ili, popeza linadulidwa likadali lopindana, linatambasuka timasamba take ta kumutu tonse tili todulidwa mzere umodzi, ngati tayezedwa ndi rula. Aliyense wa mumsewu wathu akanazindikira dzanja limenelo. Ndi mmene bambo amametera ana a sukulu tchuthi chikamatha.

Bambo anaima pamenepo akuliyang'ana tsambalo. Ndili pamakina ndinaona dzanja lawo likulowa m'thumba la epuloni.

"Nditangosongola timasamba ta m'mbaliti pang'ono, sangadziwe," anatero osandiyang'ana. "Nthambi zinazo ndinganene kuti zinauma zokha ndi kutentha."

M'kamwa mwanga munali modzaza, koma kamodzi kokha m'moyo wanga ndinatseka pakamwa n'kupitiriza kupinda mpendero wa siketi ya eni ake. Lonjezo linali lawo, osati langa. Ndinamva sizasi ikutseguka. Panapita kanthawi, kenako ndinamva dilowa ikukokedwa, chitsulo chikugweramo, dilowa n'kutsekedwa.

"Ndimuuza ndekha," anatero. "Inu musayambe ndinu."

Loweruka masana takisi inaima pakhomo. Za moni sindingathe kusimba bwino, chifukwa ndinali kulira, kuseka ndi kumugwiragwira masaya nthawi imodzi. Anali atanenepa pang'ono, tsitsi atalimanga kumbuyo, koma kayendedwe kanali komwe kaja kothamanga ngati wasiya mphika pamoto. Bambo anamukumbatira pakhomo, kenako anathamangira mkati n'kukaima kutsogolo kwa kanjedza atatambasula mapewa. Munthu wowonda ngati iwo sangabise ngakhale tsache, koma anayesa.

"A Nesi, musanakhale pansi, ndili ndi mlandu."

Mwanayo anaika chikwama pansi. "Ndikumva, ababa."

"Ndinaphwanya lonjezo. Ndinamumeta. Ndinayamba ndi nthambi youma, ndiye dzanja linanditenga. Amayi anu anandiletsa, ine sindinamve. Ndipo pafoni paja tinkakunamizani, nthambi zinali zomangirira. Kamera nayo sinafe."

Atatero anasuntha pambali, mutu uli pansi.

Mwana anayenda pang'onopang'ono mpaka pamphika. Anawerenga nthambi ndi chala, zitatu zakale ndi yatsopano ija. Anagwira zitsa chimodzichimodzi. Atafika patsamba lodulidwa mzere lija anaima, anapendeketsa mutu, milomo n'kuyamba kunjenjemera. Ine ndinati basi, kulira kwayambika. Koma chimene chinatuluka chinali phwete, kuseka kwa mtundu uja kumathetsa mphamvu, mpaka anakagwera pabenchi atagwira pamimba.

"Ababa, ndinadziwa Lamlungu loyamba lomwe."

"Munadziwa bwanji?"

Analoza khoma. "Galasi. Inu mumandionetsa kutsogolo, galasi limandionetsa kumbuyo. Mfundo zonse za amayi ndinaziona, ndi ulusi wolendewera womwe."

"Ulusi wanga sulendewera," ndinatero.

"Unalendewera, amayi. Ndipo tsiku munagwira nthambi kumsana lija, ababa, nkhani ndinkazitalikitsa dala. Ndinkafuna ndione kuti mupirira mpaka liti."

Bambo anakhala pampando wawo wometera, umene sakhalapo ngakhale atatopa chotani. "Ndiye simunakwiye?"

"Ndinakwiya. Mlungu wathunthu ndinkalira ndikaweruka, ndipo ndinkati ndikafika sindikuyankhulani." Anapukuta m'maso, kuseka kutatha tsopano. "Koma kenako ndinkangoona anthu awiri aakuluakulu akutuluka thukuta chifukwa cha kamtengo kanga ka m'chitini, ndiye ndinati kumeneko ndiye kwathu, ndapasowa. Chimene ndimaopa m'ndege monse n'chakuti mudzandinamizabe ndili pano, maso ndi maso. Zimenezo zikanandipweteka kuposa za mtengowu."

Mwanayo anadzuka n'kukagwiranso tsamba lija, akuyendetsa chala pamzere wake wowongoka.

"Koma dzanja lilipobe. Taonani mmene kwalinganira. Ili musalichotse mpaka liume lokha, ndikufuna ndiziliona pafoni ndikabwerera."

"Sindidzayandikiranso pakona imeneyo," anatero bambo.

"Muziyandikira. Louma gwa muzichotsa ndinu, koma amayi ali pomwepo."

Kenako anawagwira dzanja kuwadzutsa pampando paja, n'kukhalapo iye. Anamasula tsitsi lake, anatenga nsalu yometera n'kudziveka yekha m'khosi, monga ankachitira ali kamtsikana miyendo isanayambe kufika pachopondera.

"Zaka zisanu ndi chimodzi sindinalole munthu kundiyandikira kumutu ndi sizasi. Kumene kuja sadziwa. Nsonga zokha, ababa."

Bambo anakoka dilowa, anatulutsa sizasi, anaipukuta ndi sipiriti kawiri, n'kuima kumbuyo kwa mwana wawo. Anakweza chipeso, anachitsitsa, anachikwezanso. Pagalasi ndinaona kuti sakuona kanthu, magalasi awo anali atanyowa. Ndinawavula magalasiwo, ndinawapukuta ndi epuloni yanga, n'kuwabwezera pamphuno.

"Nsonga zokha," ananong'ona okha, ndipo sizasi inayamba kulira pang'onopang'ono.

Ine sindinabwerere kumakina. Ndinakokera kampando pafupi n'kukhala pambali pawo, mtima uli mbee, maso ali pasizasi. Kukhululuka ndi kukhululuka, koma munthu ameneyu ndimamudziwa.